Kodi Kulemberana Pangano ndi Kusakhulupirirana?

Amene mumayenda mu msewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo mwaona momwe nyumba zatsopano zikumerera, kuyambira ku Chigumula mpaka kupitirira pa Bvumbwe. Zina eni ake akumanga kuti akhalemo okha, koma zina zikumangidwa kuti zigulitsidwe, ndipo pali zina zomwe zimapeza wogula zisanafike n'pomwe pa denga. Ogula ake ndife tomwe: aphunzitsi, anamwino, ana athu amene akutumiza ndalama kuchokera ku Joni, ndiponso akalaliki, madalaivala ndi akapitawo a m'maesiteti a tiyi amene atsala pang'ono kupuma pa ntchito.

Munthu wa pa esiteti amadziwa kulemera kwa nkhaniyi kuposa wina aliyense. Kaya wagwira ntchito zaka 30, nyumba imene wakuliramo ana ake ndi ya kampani, ndipo ntchito ikatha makiyi amabwezedwa. Ndalama zopumira pa ntchito zimabwera kamodzi kokha. Zikalowa m'nyumba yosalongosoka, palibenso zina zobwera m'mbuyo.

Komabe pa nthawi yopereka ndalama zimenezi, ambirife timagwidwa ndi manyazi. Womanga nyumbayo ndi mlamu wathu, kapena timapemphera naye mu mphakati umodzi, kapena watilozera kwa iye ndi munthu amene timamulemekeza. Kunena kuti "tiyeni tilemberane" kumamveka ngati kumutcha wakuba. Ena amafika pofunsa kuti, "Kodi simukundikhulupirira?" Wogula amangoseka mwamanyazi, n'kupereka ndalama. Funso lathu lero ndi lomwelo: kodi munthu wopempha pangano lolembedwa, amene amafuna kuona zikalata ndi kufufuza ntchito ya mmisiri, walakwira chikondi ndi ubale?

Zimene dera lathu lidaona

Amene amaopa mapepala tisawaseke, chifukwa mbiri ya Thyolo ili kumbali yawo. Dziko lino litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, bwanamkubwa Harry Johnston adayamba mu 1892 kupereka kwa azungu zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zotsimikiza kuti malo amene adati adagula kwa mafumu ndi awodi. Mafumu ambiri adali atalandira nsalu, mikanda kapena mfuti, n'kuika chizindikiro pa pepala la Chingerezi limene sakadatha kuliwerenga. Mwa mwambo wathu, mfumu imapatsa mlendo malo oti alimepo, malowo n'kukhalabe a anthu. Pepala lija linkanena zina: malo apita mpaka kalekale. Umo ndi momwe makampani monga British Central Africa Company adakhalira ndi malo aakulu m'boma lino, limene pa nthawiyo linkalembedwa kuti Cholo.

Chodabwitsa n'chakuti m'zikalata zambiri mudali mfundo yoteteza eni dziko, yonena kuti midzi ndi minda yopezeka kale pamalopo isasokonezedwe. Mu 1903 woweruza wina, a Nunan, adagamula kuti mfundoyo iyenera kulemekezedwa. Koma anthu wamba sadapindule nayo kwenikweni. Ambiri sankadziwa kuti ilipo, ndipo Alomwe amene ankabwera kuchokera ku Mozambique kudzakhala m'maesiteti sinkawakhudza konse.

Kenaka padabwera thangata. Mawuwa poyamba ankatanthauza kuthandizana ntchito pakati pa anansi, koma m'maesiteti adasanduka ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala. Munthu ankauzidwa pakamwa kuti agwire mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho, koma wowerenga masikuwo adali mwini esiteti ndi kapitawo wake, ndipo m'malo ena mwezi unkatalika monga iwo afunira. Thangata lidali limodzi mwa madandaulo amene adautsa nkhondo ya John Chilembwe ku Chiradzulu mu January 1915. Kuno ku Thyolo mkwiyo wa nkhani za malo udaphulika mu August 1953, ndipo pa zipolowe zimene zidafalikira m'maboma oyandikana nafe anthu 11 adaphedwa. Thangata lidathetsedwa mu 1962, koma kuchepa kwa malo kudatsala. Pakati pa 2004 ndi 2011, pulojekiti ya Kudzigulira Malo idathandiza mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo a ku Thyolo ndi ku Mulanje, kukapeza malo m'maboma monga Machinga ndi Mangochi.

Tikaiyang'ana bwino mbiri imeneyi, tikuona kuti makolo athu adapwetekedwa m'njira zitatu. Adapwetekedwa ndi pepala limene mbali imodzi yokha inkalimva. Adapwetekedwa ndi mfundo yabwino imene padalibe woitsatira. Adapwetekedwanso ndi mgwirizano wapakamwa umene wamphamvu yekha ndiye ankaumasulira. Choncho kuthawa pepala sikutiteteza, pakuti thangata lidazunza anthu popanda iwo kusainira chilichonse. Chimene chidasowa m'zonsezi ndi pangano lachilungamo: lomveka kwa onse awiri, limene aliyense akadatha kulikana, lomanga wamphamvu ndi wofooka mofanana, ndiponso lokhala ndi kokadandaula likaswedwa.

Kukhulupirira munthu n'kutani?

Tikati timakhulupirira mmisiri, timatanthauza kuti mtima wake ndi wabwino ndipo sangatibere dala. Zimenezo zikhoza kukhala zoona. Koma munthu wa mtima wabwino amaiwala, amadwala, amamwalira, ndipo mitengo ya zinthu imamukwerera monga imakwerera wina aliyense. Mu May 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Taganizani za womanga amene adagwirizana mtengo wa nyumba mwezi umodzi izi zisanachitike. Simenti, malata ndi zitsulo zakwera. Iye ali ndi njira zitatu: aluze ndalama zake, akapemphe zowonjezera kwa wogula, kapena achepetse simenti mwakachetechete. Ngati sadagwirizane kale chochita mitengo ikasintha, njira yachitatu ndiyo yosavuta, chifukwa siyiyambitsa mkangano lero. Mkangano wake umadzabwera patapita zaka ziwiri, khoma litang'ambika.

Pangano lolembedwa limathetsa nkhani zotere anthu akadali kusekererana. Limachotsanso mmisiri pa mayesero amene akadamugwetsa. Kusiya mnzako ndi mamiliyoni ako, wopanda lisiti, wopanda tsiku lomalizira ntchito, pamene iyenso ali ndi ana ofuna fizi ndi ngongole zake, ndi kumusenzetsa katundu amene anthu ambiri abwino adagwa naye.

Mwambo wathu womwe umadziwa zimenezi. Mnyamata ndi mtsikana angakondane chotani, ukwati sumangidwa popanda ankhoswe, ndipo ku tchalitchi amasaina m'kaundula pamaso pa mboni. Palibe amene amati ankhoswe ndi chizindikiro chakuti awiriwo sakondana. Timawaika chifukwa chinthucho ndi chamtengo wapatali, ndipo tikudziwa kuti masiku ovuta adzafika. Nyumba nayo ndi chimodzimodzi. Ubale umene umatha chifukwa cha nyumba nthawi zambiri umathera pa mawu akuti "si mmene tidagwirizanirana," aliyense akukumbukira zake, ndipo mwina onse awiri akunena zoona monga akuzikumbukira.

Zofunsa tisanapereke ndalama

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Kufunsa kuyambire pa malo, chifukwa nyumba yokongola yomangidwa pa malo a mkangano ndi mlandu wopakidwa penti. Malowo ndi a mtundu wanji? Ngati ali pa lizi, imene ya nyumba zokhalamo kawirikawiri imakhala ya zaka 99, onani chikalata chenicheni, ndipo pitani nokha ku ofesi ya za malo mukafufuze ngati dzina lili m'kaundula ndi la amene akukugulitsaniyo, komanso ngati malowo sadaperekedwe chikole ku banki. Ngati ndi malo a makolo, kumbukirani kuti malamulo a za malo adasinthidwa mu 2016 ndi kukonzedwanso mu 2022, ndipo kalata ya amfumu payokha si chikalata cha umwini. Funsani ku khonsolo, funsaninso anansi ndi abale a wogulitsayo, popeza malo a banja amatha kugulitsidwa ndi munthu mmodzi ena osadziwa. Kuno kwathu onetsetsaninso malire, chifukwa midzi yambiri idagundana ndi malo a maesiteti. Pomaliza, funsani ngati pulani ya nyumbayo idavomerezedwa ndi khonsolo.

Kenaka funsani za womangayo. Makampani omanga amayenera kulembetsa ku bungwe la boma loyang'anira ntchito zomangamanga, limene ambiri timalidziwa ndi dzina lakuti NCIC. Pemphani kuona chiphaso chake. Koma umboni woposa chiphaso ndi nyumba zimene adamanga kale. Musakaone imene wamaliza mwezi watha. Kaoneni imene yapyola dzinja katatu kapena kanayi, mucheze ndi okhalamo mwini wake palibe. Ngati n'kotheka, chezaninso ndi anyamata amene adamugwirira ntchito. Munthu amene amabera antchito ake malipiro sadzachita manyazi kukuberani simenti.

Tsono nyumba yeniyeniyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Matailosi, siling'i ndi penti ndi zimene zimakopa maso, koma moyo wa nyumba uli m'zinthu zobisika: kuya kwa maziko, pepala lakuda lotchinga chinyontho pansi pa khoma, zitsulo za m'konkire yozungulira pamwamba pa mazenera, mankhwala a chiswe, ndi kuchuluka kwa simenti m'matope. Konkire imafuna kuthiriridwa madzi kwa masiku osachepera 7, ndipo imafika pa mphamvu yake yoyenera pakatha masiku 28. Womanga wothamangira kugulitsa amadumpha zimenezi. Malata nawo amasiyana: nambala ya geji ikakhala yaikulu ndiye kuti lata ndi lopyapyala, kotero la geji 28 ndi lolimba kuposa la 30 kapena 32. Kandani pulasitala ndi msomali pamalo obisika. Ikamayoyoka ngati mchenga, mwadziwa. Onani ming'alu yoyenda mopingasa kuchokera pa ngodya za mazenera ndi zitseko. Funsani komwe madzi a mvula amalowera, ndi kutalika kwa pakati pa dzenje la chimbudzi ndi chitsime. Ngati zimenezi simuzidziwa, lipirani mmisiri wina kapena injiniya amene sakudya nawo pa malondawo kuti akuonereni. Dobadoba amene alandire yake nyumba ikagulidwa sangakuuzeni chilema chake.

Pangano lenilenilo linene zinthu momveka: mayina a onse awiri, malo ndi malire ake, mtengo wonse, zipangizo zimene zigwiritsidwe ntchito, tsiku lomaliza, amene alipire kulumikiza magetsi a ESCOM ndi madzi, ndi chochita mitengo ikakwera. Ngati nyumba ikumangidwa kumene, ndalama ziperekedwe m'magawo, gawo lililonse ntchito yake itaoneka: maziko, khoma, denga, kumalizitsa. M'ntchito zomanga muli chizolowezi chosunga kagawo kochepa ka ndalama, kawirikawiri 5 kapena 10 peresenti, mpaka patapita miyezi 6 kapena 12, kuti womanga akonze zolakwika zimene zaonekera. Kwa ife nthawi imeneyi iyenera kudutsa dzinja lathunthu, chifukwa nyumba yogulidwa mu August sinayesedwe. Malipiro alionse akhale ndi lisiti, makamaka odzera ku banki. Ndipo pokumbukira mafumu aja, musasaine chimene simunachimve. Ngati pangano lili m'Chingerezi chovuta, lipite kwa loya kapena munthu wodziwa amene ali kumbali yanu, alimasulire m'Chichewa mzere ndi mzere. Wogulitsa amene akukana kuti mupite nalo kunyumba mukaliwerenge modekha wakuuzani kale zambiri.

Nayenso wogula amangidwa

Pofika apa wina angaganize kuti wochimwa nthawi zonse ndi womanga. Ayi ndithu. Amisiri ambiri ali ndi madandaulo awo, ndipo ndi oona. Alipo ogula amene amanenerera mtengo mpaka kufika poti ntchitoyo singatheke, akudziwa kuti mmisiriyo avomera chifukwa kunyumba kwake kulibe ufa. Alipo amene amasintha pulani pakati pa ntchito, kuwonjezera chipinda kapena khonde, koma osafuna kuwonjezera ndalama. Alipo amene amalowa m'nyumba n'kuiwala gawo lomaliza, mmisiri n'kumayenda miyezi akuuzidwa kuti bwana achokapo.

Chaka chomwe chija cha 1891, Papa Leo XIII adalemba kalata yotchedwa Rerum Novarum yonena za anthu apantchito. Mwa zina adaphunzitsa kuti kuvomerezana kwa anthu awiri pakokha sikusandutsa malipiro kukhala achilungamo, ngati mmodzi wavomera chifukwa cha umphawi kapena mantha. Anthu a m'dera la thangata sitifunika kutanthauziridwa zimenezi. Mtengo wotsika mopitirira muyeso umalipiridwa ndi wina: mnyamata wosakaniza matope amene salandira zake, mayi wotunga madzi amene amauzidwa kuti abwere mawa, kapena khoma limene lamanidwa simenti. Wogula amene akufuna pepala lomanga mmisiri avomere kuti pepala lomwelo limumange iyenso: kulipira pa tsiku lake, kulipira zosintha zimene wapempha, ndi kupereka ndalama yosungidwa ija nthawi ikakwana popanda kufunafuna zifukwa. Ndipo amene amapereka kangachepe kwa wa ku ofesi kuti pulani idutse mosayendera asadzadabwe nyumba ikadzaonetsa chimene woyenderayo akadaona.

Amene sakhala nawo pokambirana

Pogulitsana nyumba pamakhala anthu awiri kapena atatu, koma okhudzidwa ndi ambiri. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa nyumba zosawerengeka m'chigawo chino cha kummwera, Thyolo ali m'gulu la maboma okhudzidwa. Ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, matope ndi miyala zidakokolola nyumba anthu ali m'kati. M'dziko lonse anthu oposa 600 adatsimikizika kuti adafa, ndipo mazana ena sadapezeke. Mvula ya mtundu umenewo ikhoza kugwetsa ngakhale nyumba yomangidwa bwino, koma idatikumbutsa kuti malo omangapo ndi kamangidwe ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Dera lathu ndi la zitunda ndi mvula yambiri. Mwana amene adzagone m'chipinda cha kumapeto sadzakhalapo pa tsiku losaina, ndipo mnansi wa kumunsi amene madzi a pa denga lanu adzathamangire kwa iye sadzafunsidwa. Tikachita manyazi kufunsa za maziko ndi ngalande, manyazi athuwo adzalipira ndi iwo.

Palinso mkazi kapena mwamuna wanu ndi ana. Tonse taonapo amayi amasiye akuvutika chifukwa bambo adagula nyumba pakamwa, mboni yake n'kukhala mnzawo amene nayenso adatisiya. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa omwalira, koma kuti lamulo likutetezeni pamafunika umboni wakuti nyumbayo idali yanu. Ngati mwagula ndi ndalama za banja, ndi bwino mayina a nonse awiri alembedwe, ndipo onse adziwe pamene zikalata zikusungidwa.

Nanga chifundo chili pati?

Wina anganene kuti zonsezi ndi za anthu a ndalama, pakuti loya ndi injiniya amafuna malipiro, ndipo wakuba weniweni pepala silimuletsa. M'mawu amenewa muli choonadi. Milandu ku khoti imachedwa, ndipo alipo anthu amene adali ndi zikalata zonse koma adaberedwabe. Komabe ndalama yolipira woona nyumba ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa nyumbayo, ndipo pangano la tsamba limodzi lolembedwa m'Chichewa, losainidwa pamaso pa mboni za mbali zonse, limaposa kutali kugwirana chanza chabe. Wakuba amakonda malo opanda mafunso. Akaona munthu wofuna kupita ku ofesi ya za malo, nthawi zambiri amasowa yekha, ndipo kusowa kwakeko ndi phindu lanu.

Ena amaopa kuti pepala limaumitsa mtima, kuti munthu wokhala ndi pangano m'manja sakhululuka. Ine ndikuona kuti pangano limapereka mpata wa chifundo chenicheni. Mmisiri akachedwa ndi mwezi chifukwa mwana wake adagonekedwa m'chipatala, inu mukhoza kumuuza kuti, "Tidalemba tsiku lakuti, koma ndamva vuto lanu, tiwonjezere masabata anayi." Iye adziwa kuti mwamuchitira chifundo, inunso mudziwa chimene mwapereka. Pamene sipadalembedwe kanthu, palibe amene akudziwa ngati wina wachedwa kapena ayi, ndipo m'malo mwa kukhululukirana pamakhala kung'ung'udza, miseche ndi kulambalalana pa khomo la tchalitchi. Ngongole imene ungaikhululuke ndi imene nonse mukudziwa kukula kwake.

Choncho yankho la funso lathu ndi lakuti ayi, kupempha pangano si kunyoza mbale. Kunyoza kungakhalepo m'kalankhulidwe kathu, ndipo apo tiyenera kusamala. Mawu ake akhoza kukhala ofatsa: "Achimwene, ndalama izi ndi za moyo wanga wonse, ndipo ntchito iyi ndi dzina lanu. Tiyeni tilembe kuti tonse tigone tulo, ndi kuti ana athu asadzakangane ife kulibe." Mmisiri woona mtima amakondwa ndi mawu otere, chifukwa pepalalo limatetezanso malipiro ake.

M'parishi muno muli amisiri, akalaliki a ku khonsolo, aphunzitsi ndi ena odziwa malamulo. Sabata ino m'miphakati yathu tifunsane kuti ndani akukonzekera kugula kapena kumanga, ndipo ndani angamuperekeze kukaona nyumbayo kapena kumuwerengera pangano asanasaine. A komiti ya Chilungamo ndi Mtendere angathandize kulumikiza anthu otere. Ndipo inu amisiri a pakati pathu, musadikire kuti wogula achite kulimba mtima. Yambani ndinu kutulutsa pepala ndi cholembera.